Nsanje Inandiwongola Msana

1

Anthu akamandiona lero ndikugwira zala za kumapazi mawondo ali owongoka, amandifunsa kuti, "Bambo, chinsinsi chake n'chiyani? Ife timayamba yoga Lolemba, pofika Lachinayi kamphasa kasanduka pogona mphaka." Ine ndimayankha ndi nkhope ya munthu wanzeru kuti chachikulu n'kudzipereka. Limenelo ndi bodza. Chimene chinkandidzutsa m'mawa uliwonse ndikuuzani pano, chifukwa chinatsala pang'ono kundithetsera banja.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ophunzira amanditchula a Buleki, poti galimoto yathu ili ndi buleki yachiwiri kumbali yokhala ine, ndipo phazi langa silichoka pamenepo. Wophunzira akangoyetsemula, ine ndaponda kale. Ngakhale mkazi wanga ndinamupezera m'galimoto momwemo. Anabwera kudzaphunzira ali mtsikana, ndinamupondera buleki mpaka analira, laisensi anapeza, kenako tinakwatirana. Ana athu anakula n'kuchoka pakhomo, koma iye akangogwira chiwongolero, phazi langa linkabwerera pamalo ake akale.

Kukhala pampando tsiku lonse kunandipha msana. Mwendo wakumanja unayamba kuchita dzanzi, ndipo pomanga zingwe za nsapato ndinkabuula ngati chitseko chadzimbiri. Dokotala sanazungulire.

"Muyambe kutakasa thupi ndi kuwongola minofu," anatero. "Apo ayi, tidzakumana ku opaleshoni, ndipo ntchito yanuyo muiiwale."

Nthawi imeneyo n'kuti mkazi wanga atayamba kale kupita ku yoga, masewero owongola thupi aja, m'mawa uliwonse. Atamva za dokotala anandinyengerera.

"Tiyeni tizipitira limodzi, bambo. Kumeneko kuli anthu aakulu kuposa inu."

"Ine? Ndi ndevu zangazi ndizikadzipindapinda pansi ngati mbozi? Pitani nokha, mayi."

Anandipempha kangapo konse. Mpaka anandigulira kamphasa kamphira kobiriwira. Ine ndinakaponya kumbuyo kwa galimoto, n'kumakagonera ndikamayang'ana kunsi kwa injini.

2

Loweruka lina kunabwera alamu anga, akulu ake a mkazi wanga. Mayi ameneyu nkhani sayamba n'kumutu, amayambira kumchira. Mkazi wanga atalowa kukhitchini kukatsuka makapu, iwo anasendeza mpando wawo pafupi ndi wanga.

"Alamu, inu ndinu munthu wolimba mtima ndithu."

"Chifukwa chiyani?"

"Ayi, ndangotero. Mphunzitsi wa yoga uja ndinamuonako tsiku lina. Mnyamata wowongoka bwino, mawu ake ozizira ngati akugoneka khanda. Ndiye akamawongola ophunzira ake, amachita kugwira m'chiuno. Koma poti inu nsanje mulibe, zonse zili bwino."

Ndinaseka chikhakhali, koma mawuwo ndinawasunga. Kukhitchini kunkamveka mkazi wanga akuimba chapansipansi. Ndinayamba kukumbukira kuti kuimba kumeneku kunayamba chaka chomwe anayamba yoga. Ankabwerako nkhope ili mwee, akuyenda mopepuka. Kodi munthu angasangalale choncho chifukwa chongogwira zala za kumapazi?

M'mawa mwake ndinatulutsa kamphasa kaja, ndinakapukuta mafuta a injini, n'kukaima pakhomo nditavala kabudula.

"Ndaganiza zomvera dokotala," ndinatero.

Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Ine mumtima ndinati, waona, mantha amugwira.

"Mwaganiza liti zimenezi, bambo?"

"Dzulo."

"Dzulo," anabwereza motsitsa mawu. "Chabwino, tiyeni."

3

Kalasi inkachitikira m'chipinda chapamwamba pa sitolo yogulitsa mankhwala. Nsapato zinkatsala pakhomo. Khoma lakutsogolo lonse linali galasi, ndipo chapakati panali chipilala chachikulu. Nditaona galasilo ndinamva ngati ndafika kuntchito. Munthu amene wakalambira kuyang'ana m'magalasi a galimoto sangabisiridwe kanthu m'chipinda chotere.

Mphunzitsiyo ndinamupatsa dzina tsiku lomwelo: Chingwe. Ankadzipinda ngati alibe fupa ndi limodzi lomwe. Anandilandira ndi ulemu umene unandipsetsa mtima.

"Takulandirani, bambo. Poyamba musalimbane ndi thupi lanu. Pamene lakana, imani pomwepo n'kupuma mpweya. Musadziyerekeze ndi anzanu. Maso anu akhale pa mphasa yanu."

Mawu omalizawo ndinawamvetsa bwino. Ndinati mumtima, ufuna ndiziyang'ana pansi kuti iwe uziyang'ana mkazi wanga.

Zimene ndinaziona tsiku limenelo, ophunzira anga onse amene ndinawakalipira akanazimva akanavina. Anati tiwerame, manja anga anathera m'mawondo. Anati tiime ndi mwendo umodzi ngati mtengo, ine ndinali dzandidzandi mpaka ndinagwera agogo ena amene anaima nji pambali panga. Agogowo anandigwira pamkono n'kundinong'oneza kuti, "Musadandaule mwanangu, tonse tinayamba choncho." Thukuta linali kamukamu, mpweya wefuwefu, ndipo pamene tinkapinda miyendo pachifuwa mimba yanga inatulutsa mawu amene sindingawalembe m'magazini.

Koma ntchito imene ndinabwerera ndinaigwira. Chingwe anafikadi pa mkazi wanga, anamukankha phewa pang'ono ndi zala ziwiri, n'kupitirira. Anachitanso chimodzimodzi kwa agogo aja, kwa mayi wina woyembekezera, ngakhalenso kwa ine. Ndinaona kuti mnyamatayu ndi wochenjera kwambiri: ankagwira aliyense kuti asadziwike amene akumufuna.

Vuto linali malo. Tsiku loyamba ndinayala kamphasa kanga kumbuyo. Koma pali kaimidwe kena kamene amati galu woweramitsa mutu: manja ndi mapazi pansi, matako m'mwamba, maso akuyang'ana pakati pa miyendo. Tikatero ine ndinkangoona khoma. Choncho ndinasamukira kutsogolo. Tikaima ndinkamuona mkazi wanga m'galasi, tikachita galu ndinkamuona pakati pa miyendo yanga, mutu uli pansi.

"Taonani bambo athuwa," anatero Chingwe. "Angoyamba kumene, koma sakubisala kumbuyo. Mtima wofuna kuphunzira ndi umenewu."

Kalasi yonse inandiwombera m'manja. Mkazi wanga yekha ndiye sanawombe.

4

Anthu amati chovuta pa yoga n'kusadumphitsa. Ine vuto limenelo sindinalidziwe. Mvula igwe, kuzizire, thupi liphwanye ngati andimenya ndi zibonga, ine ndinkakhala woyamba kuvala nsapato. Ndikanadumphitsa bwanji tsiku, osadziwa kuti mwina tsiku lomwelo ndi limene agwirizana? Ngakhale sabata imene mkazi wanga anagona ndi chimfine, ine ndinapitabe, kuti ndikaone ngati Chingwe akuoneka wokhumudwa.

Madzulo ndinayamba kuyeserera pabalaza, chifukwa ndinazindikira kuti munthu amene akugwa sangalondere bwino. Ndinaphunzira kuima ndi mwendo umodzi maso ali kwina. Ndinaphunzira kupuma mpweya mwakachetechete kuti ndizimva zonong'onezana. Pa zopotokola thupi ndiye ndinkapambana kalasi yonse.

"Khosi lanu, bambo, limatembenuka kuposa la aliyense muno," anandiyamikira Chingwe.

"Ndi ntchito yanga," ndinayankha.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinandikanika. Kumapeto kwa kalasi iliyonse timagona chagada, manja m'mbali, maso otseka, ngati mtembo. Chingwe ankati pa zonse zimene timachita, chovuta kwambiri n'chimenechi. Ena ankafika pochita mkonono. Ine ndinali mtembo wa diso limodzi lotsegula.

"Tsekani maso, bambo," ankandinong'oneza akamadutsa. "Palibe chimene chithawe."

Miyezi inapita. Dzanzi lija linatha osatsanzika. Nsapato ndinkamanga chiimire, ndipo dokotala atandiyeza anachotsa magalasi ake n'kundifunsa ngati ndinali munthu yemwe uja. Umboni wa chibwenzi sindinaupeze ndi pang'ono pomwe, koma zimenezi zinangonditsimikizira kuti ndikulimbana ndi akatswiri.

Chimene ndinachiona n'chakuti mkazi wanga anasiya kuimba kukhitchini. Pobwerera kunyumba ankangoyang'ana pawindo. M'kalasi, maso athu akakumana m'galasi, ankawagwetsa pansi. Ndinasangalala kuti chikumbumtima chayamba kumudya.

5

Tsiku la tsokalo, kalasi inali yolemetsa. Titagona chagada kumapeto, msana wanga unakhazikika pansi wonse popanda kupweteka paliponse. Mpweya unkalowa n'kutuluka wokha. Sindikudziwa kuti zinachitika bwanji, koma diso lolondera lija linatsekeka. Kwa nthawi yoyamba ndinamva chimene anthu amapitira ku yoga. Kunali zii, ndipo ndinaiwala kuti ndine mlonda.

Nditadzidzimuka, anthu anali akadagona. Ndinaponya diso m'galasi. Mphasa ya mkazi wanga inali yopanda munthu. Kutsogolo, Chingwe kunalibenso. Chitseko cha kachipinda kosungiramo mphasa chinali chotseka mwatheka.

Dzambatu! Ndinalumpha agogo aja, ndinakankha chitsekocho ndi phazi. Mkazi wanga anaima pakati pa milu ya mphasa, misozi ili m'masaya. Chingwe anali atamugwira paphewa.

"Ndakugwirani!" ndinakuwa. "Mumayesa ndine chitsiru? Miyezi yonseyi ndakhala ndikukuonani! Iwe mnyamata, ntchito yako ndi yowongola misana kapena yopasula mabanja? Ndipo inu mayi, manyazi mulibe? Pa msinkhu wanuwu?"

Mitembo yonse inauka. Mayi woyembekezera uja anagwira pakamwa. Wina anayamba kufunafuna foni yake. Ndinapitiriza kulavula moto, ndipo mawu ena amene ndinamunena mkazi wanga pamaso pa anthu aja sindidzawabwerezanso moyo wanga wonse.

Nditatha mpweya, Chingwe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo," anatero ndi mawu ake ozizira aja, "mayiwa amanditsanzika kuti akusiya kalasi. Ndimawapempha kuti aganizenso bwino." Kenako uphunzitsi unamupambana. "Komanso mwadzuka pansi osagwira ndi manja."

Agogo aja anavomera kuti nawonso anaona.

Mkazi wanga anapinda mphasa yake bwinobwino, anavala nsapato, n'kutsika masitepe. Nditafika kunyumba madzulo, chikwama chachikulu pamwamba pa kabati panalibe.

6

Ndinapirira masiku angapo ndikudziuza kuti wolakwa ndi amene wathawa. Koma nyumba inakula, ndipo kapu yake inkandiyang'ana pashelefu. Pamapeto pake ndinapita kwa alamu aja, poti ndinkadziwa kuti ali kumeneko.

Alamu ananditsekulira chitseko koma sanandipatse mpando.

"Alamu," ndinayamba, "inu ndi amene munanditsina khutu. Auzeni abale anuwa kuti sindinachite kulota."

"Mphunzitsi ameneyo sindinamuonepo chibadwire," anatero. "Sindikudziwa ngakhale kuti ndi wamtali kapena wamfupi."

"Mwati chiyani?" ndinafunsa.

"Mng'ono wangayu anabwera kuno akulira kuti mukukana kumvera dokotala, ndipo mudzathera pa njinga ya olumala. Ine ndinamuuza kuti, 'Mwamuna wakoyo ndimamudziwa. Chikondi sichingamudzutse, koma nsanje imudzutsa tambala asanalire. Ndisiyire ine.' Mukudziwa chimene anandiyankha?"

"Ndinati sizingatheke."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwa alamu. Mkazi wanga anali ataima pakhomo la chipinda, manja atapinda pachifuwa.

"Ndinawauza achemwaliwa kuti ayese ngati akufuna, koma angotaya nthawi. Ndinati amuna anga aseka, kenako abwera kukhitchini kudzandiuza kuti tisekere limodzi. Ndinati zaka zonsezi takhala limodzi, sangandiganizire zoterozo. Ndinakudikirani kukhitchini, bambo, makapu ndinatsuka kawiri. M'mawa mwake ndinakupezani pakhomo mutavala kabudula."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani mukanasiya, ndipo msana wanu unali utayamba kuchira. Ndiye ndinasankha msana. M'mawa uliwonse ndinkathokoza kuti mwadzuka, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadziwa chimene chakudzutsani. Malo okhawo amene ndinkapumirako, munawasandutsa galimoto yanu yophunzitsira. Tsiku lija nditaona kuti mwatseka maso, ndinati basi, munthuyu wachira, yoga waikonda payekha, ine ndingathe kuchoka m'kalasimo."

Ndinagwada. Ndinagwada mosavuta, mawondo osalira n'komwe, ndipo zimenezi zinangowonjezera manyazi anga. Ndinapepesa ndi mawu onse amene ndinali nawo.

"Ndamva," anatero. "Koma kubwera lero sindibwera. Pitani."

Alamu anandiperekeza mpaka pageti, nkhope ili yakugwa. "Nanenso andikalipira, alamu," anatero. "Ndinkafuna kuti ndipambane mkangano, ndipo ndinapambanadi. Sindinasangalale nazo."

7

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yomwe ija. Panalibe womulondera, panalibe chifukwa chopitira, koma thupi linali litazolowera ndipo linanditengera lokha ku masitepe aja. Ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kupepesa kwa Chingwe ndi kwa onse. Imeneyo ndiyo inali yoga yovuta kuposa zonse zimene ndinachitapo. Chingwe anangoti, "Yalani mphasa, bambo, tayamba kale."

Ndinapitabe tsiku ndi tsiku. M'galasi munalibe woti ndimuyang'ane kupatula bambo wina waimvi amene sindinkamukonda kwenikweni.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina ndinaona nsapato zimene ndinkazidziwa zili pakhomo. Ndinayang'ana m'galasi, sindinamuone. Titachita galu ndinayang'ana pakati pa miyendo, sindinamuonenso. Apo ndi pamene ndinazindikira: anayala mphasa yake kuseri kwa chipilala. Ndine ndemwe ndinamuphunzitsa kalekale kuti galimoto iliyonse ili ndi mbali imene magalasi saonetsa, ndipo phunzirolo analisunga.

Ndikanatha kusuntha kamphasa kanga pang'ono. Khosi langa lotchuka lija likanatha kufika. Koma itakwana nthawi yogona chagada, ndinatseka maso onse awiri, osadziwa ngati ndikawatsegula ndimupeza.

Ndinamupeza panja, atatsamira galimoto yanga.

"Makiyi," anatero, dzanja atatambasula. "Ndiyendetsa ndine."

Analowa, anasuntha mpando, anakonza galasi kuti ligwirizane ndi maso ake. Tisananyamuke anayang'ana pansi, pamene phazi langa linali litafika kale pa buleki yachiwiri ija. Anangodikira injini ikulira.

Owerenga anzanga, mukamafuna kuyamba yoga, malangizo a Chingwe ndi oona: yambani pang'ono, pumani mpweya, musadumphitse, maso akhale pa mphasa yanu. Koma dzifunseninso kuti chimene chikukudzutsani n'chiyani. Ine msana unawongoka, dokotala amanditchula ngati chitsanzo, ntchito yanga ilipo. Zonsezi anazilipirira ndi mkazi amene m'mawa uliwonse ankaona m'galasi kuti mwamuna wake samukhulupirira. Kuimba kukhitchini sanayambirenso, ndipo mphasa yake ikadali kuseri kwa chipilala. Sindimufunsa kuti idzachokako liti.

Tsiku limenelo m'galimoto ndinavula nsapato, ndinakweza miyendo yonse iwiri pampando n'kuipinda mopingasa, monga timakhalira poyamba kalasi. Chaka chatha sindikanatha kutero. Mkazi wanga anayang'ana miyendoyo, analowetsa giya, ndipo anakhotera njira ya kunyumba kwathu. Pamphambano analowa mothamanga kwambiri, osayatsa ngakhale indiketa.

Ndinapuma mpweya, n'kutseka maso.